Kalata yotseguka: linga la ku Kilwa likudyedwa ndi nyanja, ndipo njira ya makolo athu ilibe chikwangwani

Kwa akuluakulu osamalira malo a mbiri yakale ku Tanzania ndi kuno ku Malawi,

Ndikupatsani moni mwaulemu nonsenu, abambo ndi amayi, amene munasenza udindo wosunga zimene akale anatisiyira. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinaphunzitsa mbiri kusekondale kwa zaka zambiri, ndipo kwathu ndi ku Nkhotakota, pafupi ndi dera limene mpaka lero timalitcha Linga. Ndalemba kalata imodzi kupita kumayiko awiri chifukwa nkhani yake ndi imodzi, ndipo ndaiika poyera kuti aphunzitsi anzanga, mafumu, mashehe, abusa ndi achinyamata aiwerenge n'kupatsirako ena.

Chaka chatha ndinaperekeza mwana wa mlongo wanga ku Dar es Salaam kukatenga galimoto kudoko. Podikira mapepala tinali ndi masiku atatu opanda chochita, ndiye ndinamupempha kuti tipite ku Kilwa, dzina limene ndinalilemba pabolodi kambirimbiri koma malo ake ndisanawaonepo. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300 kulowera kummwera. Basi imawoloka mtsinje wa Rufiji pamlatho wa Mkapa, kenako munthu amapatuka pa Nangurukuru n'kukafika ku Kilwa Masoko. Kumeneko tinalipira chiphaso, tinapatsidwa wotiperekeza, n'kukwera boti. Chilumba cha Kilwa Kisiwani chili pafupi, chimaoneka uli kumtunda kuno, ndipo chimene maso amayamba kukumana nacho boti lisanakocheze ndi linga lalikulu la miyala lokhala m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Eni ake amalitcha Gereza.

Kwa owerenga amene sanafikeko, ndifotokozeko pang'ono. Lingali anayamba kulimanga ndi Apwitikizi m'chaka cha 1505, Francisco de Almeida atalanda mzindawu ndi asilikali ake. Sanakhalitse, pofika 1512 anachoka. Limene tikuliona lero, mbali yake yaikulu inamangidwanso ndi Aluya a ku Oman cha m'ma 1800, pamwamba pa zotsala za Apwitikizi zija. Makoma ake ndi a miyala ya m'nyanja imene Aswahili amati matumbawe, yomata ndi njereza. Lili ndi nsanja m'makona, timazenera tating'ono toponyera mfuti, ndi chitseko chachikulu cha matabwa osemedwa. Dzina loti Gereza linachokera kuliwu la Chipwitikizi lotanthauza tchalitchi, koma m'Chiswahili cha lero limatanthauza ndende.

Komatu mzindawu ndi wakale kuposa lingali. Mzikiti waukulu wa pachilumbapo unayamba kumangidwa zaka pafupifupi 900 zapitazo, ndipo madenga ake ozungulira ngati miphika yovundikira adakalipo. Chakum'mawa kuli Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya zipinda zoposa 100 imene anamanga Sultani al-Hasan ibn Sulaiman cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, yokhala ndi dziwe losambiramo la makona asanu ndi atatu. Mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, anafika kumeneko mu 1331 ndipo anauyamikira mzindawu kuti ndi umodzi mwa yokongola kwambiri imene anaiona. Chuma chonsecho chinkachokera kugolide wa dziko la Zimbabwe, wodzera padoko la Sofala. Ndalama yachitsulo yosulidwa ku Kilwa inapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe. Golide amene Vasco da Gama anakakamiza sultani kupereka mu 1502 anakasulidwa ku Lisbon kukhala chiwiya cha m'tchalitchi, ndipo chikusungidwa komweko mpaka lero. Ndinaima m'mzikiti muja mtima uli myaa, chifukwa awa ndi manja a anthu a mu Afirika muno, ndipo aliyense amene anauzidwapo kuti makolo athu sankadziwa kumanga ayenera kukaona yekha.

Ndisanadandaule ndithokoze. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika Kilwa Kisiwani ndi chilumba choyandikana nacho cha Songo Mnara pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1981. Mu 2004 malowa analembedwa kuti ali pachiopsezo, ndipo patachitika ntchito yaikulu yokonza makoma, mothandizana ndi mabungwe akunja monga World Monuments Fund, anachotsedwa pamndandanda wa zoopsezedwawo mu 2014. Ntchitoyo ndinaiona ndi maso anga, ndipo amisiri a pachilumbapo amene anaphunzira kusakaniza njereza monga ankachitira akale ndi oyenera ulemu. Zodandaula zanga zikuyambira pamene ntchito imeneyo inalekezera.

Choyamba ndi nyanja. Gereza anamangidwa pamalo oti aziona chombo chilichonse cholowa padoko, ndipo malo omwewo ndiwo akumupha. Mbali yoyang'ana kumadzi inagumuka kale, moti munthu uli m'boti umaona m'kati mwa linga ngati dzungu lodulidwa pakati. Madzi akadzaza amafika mpaka patsinde pa makoma, akaphwa amasiya mchere umene umalowa m'miyala n'kumaifumbutsa pang'onopang'ono. Ndinapaka dzanja pakhoma lina chakumunsi, njereza inatsalira m'manja ngati ufa. Anabzala mitengo ya m'madzi a mchere, ija amati mikoko, ndi kuunjika miyala kuti mafunde azifika atafooka, koma madzi saiwala khwawa. Ife a ku Malawi tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu Marichi 2023, ndipo gombe lomwelo la Kilwa linakhudzidwa ndi namondwe Hidaya mu Meyi 2024. Kuchotsedwa pamndandanda wa zoopsezedwa kunali kwa papepala, koma mafunde amabwera kawiri patsiku. Khoma lotere limafuna mmisiri wokhazikika, wolipidwa mwezi ndi mwezi, woliyendera nyengo yamvula ikangotha, osati kudikira thandizo lakunja la kamodzi pa zaka khumi.

Chachiwiri ndicho chandilembetsa kalatayi. Wotiperekeza anali mnyamata waulemu, wodziwa ntchito yake. Anatiuza za masultani, za golide, za mbale za ku China, za Apwitikizi ndi Aluya. Titafika pa Makutani, nyumba ina yachifumu yozingidwa ndi khoma lalitali, ndinamufunsa kuti ndalama zomangira zinachokera kuti, poti nthawi imeneyo malonda a golide anali atatha kalekale. Anayankha ndi mawu awiri, minyanga ndi akapolo, n'kupitirira. Nditamuuza kuti ndachokera kunyanja ya Nyasa, kumene ambiri mwa akapolowo ankachokera, anaima n'kundiyang'ana. Anati palibe anamuphunzitsapo zimenezo. Sindikumuimba mlandu, munthu amanena zimene anapatsidwa. Ndinawerenga zikwangwani zonse zimene ndinazipeza tsiku limenelo ndipo sindinaonepo dzina la nyanja yathu, kapena la Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga, Abisa ndi Amakua amene anayenda njira imeneyo.

Chonsecho zolembedwa zilipo. Mu 1776 Mfalansa wina dzina lake Morice anapangana ndi sultani wa Kilwa kuti azimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, oti azikalima kuzilumba zimene lero timati Mauritius ndi Réunion. Makutani ndi nyumba ya nyengo imeneyo. M'zaka za m'ma 1800 minda ya zonunkhiritsa zakudya zija amati cloves ya ku Zanzibar ndi Pemba itakula, njira yochokera kunyanja yathu inasanduka msewu waukulu. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, namanga zombo za matanga zowolotsera anthu kupita kutsidya lakum'mawa. Kuchokera kumeneko ankayenda pansi makilomita oposa 600, amuna ali m'magoli, atasenza minyanga, amayi ali ndi ana kumsana. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la Nyasa lokha ankadutsa panyumba ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Amenewo ndi amene anafika amoyo. Mu 1866, akukwera motsata mtsinje wa Ruvuma, Livingstone yemweyo anapeza mitembo yomangiriridwa kumitengo ndi magoli otayidwa m'mbali mwa njira.

Pano ndiyenera kunena mosakuluwika kuti wina asandimve molakwa. Sindikupempha kuti alendo aziuzidwa kuti makolo athu anatsekeredwa mu Gereza. Pamene malonda a anthu ankafika pachimake, chilumba cha Kilwa Kisiwani chinali chitafooka, sultani wake womaliza anachotsedwa cha m'ma 1840, ndipo maulendo ochokera kwathu ankathera ku Kilwa Kivinje, kumtunda, chakumpoto pang'ono. Kumeneko ndiko anthu pafupifupi 20,000 pachaka ankakwezedwa m'zombo m'zaka za m'ma 1860. Gereza linali linga la ulamuliro umene unkateteza ndi kukhometsa msonkho malonda a gombe lonselo, ndipo zimenezo n'zokwanira kuzinena momwe zilili. Sindikufunanso kuti nkhaniyi isanduke ndodo yokwapulira Aswahili kapena Asilamu. Ndinakulira pakati pa Asilamu a ku Nkhotakota, ndadya mpunga umene akuti unabwera ndi a Jumbe, ndipo ndikudziwa kuti chipembedzo chimene abale anga ambiri amachikonda chinadzera njira yomweyo. Ogulitsa anthu analiponso pakati pathu. Mafumu Achiyao Makanjira, Mponda ndi Mataka ankatumiza maulendo kugombe, ndipo panali mafumu Achichewa amene anasinthanitsa anthu awo ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ndinkaphunzitsa zimenezi m'kalasi momwe munali zidzukulu za ogulitsa ndi zidzukulu za ogulitsidwa, zitakhala pabenchi imodzi, ndipo palibe tsiku limene ana anamenyana chifukwa chouzidwa zoona.

Ubale wathu ndi Kilwa sunayambe ndi magoli ayi. Mu 1616 Mpwitikizi Gaspar Bocarro anayenda kuchokera ku Tete, nadutsa m'dziko la Amaravi kwa mfumu Muzura, nakafika ku Kilwa, zomwe zikusonyeza kuti njira inalipo kale ndipo anthu ankaidziwa. Zaka makumi atatu izi zisanachitike, cha m'ma 1580, ankhondo otchedwa Azimba anauthira nkhondo mzindawu n'kupha anthu ochuluka, ndipo olemba mbiri ena amawalumikiza ndi ankhondo a Lundu a kuchigwa cha Shire. Ngati zili choncho, nafenso tili ndi mbali yathu yoyankhapo pachilumba chimenecho. Chikwangwani choona chiyenera kunena zonsezi.

Chachitatu ndi Kivinje. Tinapitako tsiku lotsatira. Nyumba zakale za amalonda zili m'mbali mwa msewu, zina mizu ya mitengo italowa m'makoma n'kuwang'amba, zina madenga atagwera m'kati. Boma lakale la Ajeremani layang'ana kunyanja, likugumuka. Pali chipilala chokumbukira Hassan bin Omari Makunganya ndi ena amene Ajeremani anawanyonga pamtengo wa mango, ndipo n'chabwino kuti chilipo. Koma pagombe pomwe pamakocheza zombo, pamene asodzi anali kupakula nsomba, sindinapeze mwala kapena thabwa lonena kuti apa ndi pamene anthu a kunyanja ya Nyasa anaponda komaliza dothi la kumtunda. Kwathu munthu akafera kutali, abale amakatenga dothi la pamalopo kuti mzimu wake ubwerere kumudzi. Ndinawerama, ndinatapa mchenga pang'ono n'kuukulunga m'kansalu. Uli m'nyumba mwanga muno. Kivinje sali m'malire a malo otetezedwa ndi UNESCO, ndipo njira ya akapolo ndi minyanga imene Tanzania inaipereka pamndandanda woyembekezera mu 2006 ndi yapakati, yochokera ku Ujiji kukathera ku Bagamoyo. Yakummwera, yathuyi, mulibe.

Chachinayi chikubwerera kwathu, ndipo akuluakulu a kuno musaone ngati ndangoloza chala kutsidya. Mu 2011 Malawi inapereka ku UNESCO, pamndandanda woyembekezera, njira za akapolo ndi mayendedwe a Livingstone, kuphatikizapo malo a ku Nkhotakota, Karonga, Mangochi ndi Fort Lister ku Phalombe. Papita zaka zoposa khumi zili pomwepo. Kuti ntchito yotere timaitha tinaonetsa kale, poti zojambula za pamiyala za ku Chongoni zinalowa pamndandanda weniweni mu 2006. Mabuku athu a sukulu amafotokoza za Jumbe, za mtengo umene Livingstone anakumana naye pansi pake, za Mlozi amene ananyongedwa ku Karonga mu 1895, ndi za malinga a Harry Johnston. Akafika pagombe la nyanja yathu amaima. Mwana amalemba pamayeso kuti akapolo ankapita ku Kilwa, amakhoza, koma mutamupatsa mapu sangaloze pamene pali Kilwa. Ineyo ndinaphunzitsa choncho zaka zonsezo, ndipo zimandipweteka. Amalawi mazanamazana amapita kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam mwezi uliwonse kukapikula katundu, ena kudoko kukatenga magalimoto, osadziwa kuti ulendo wa tsiku limodzi kuchokera pamenepo ungawafikitse pamene panathera njira ya agogo awo.

Chomaliza ndi chachifupi. Pachilumba cha Kilwa Kisiwani pamakhala anthu, asodzi ndi alimi, ndipo amayi amatungabe madzi pazitsime zakale pakati pa mabwinja. Mlendo amafika, amajambula zithunzi maola atatu, n'kubwerera kukadya ndi kukagona ku Masoko. Ine ndinafuna kugula chakudya kapena kanthu kopita nako kwathu kuti ndalama yanga itsale pachilumbapo, ndipo ndinavutika kupeza pogulira. Munthu amene sapindula ndi khoma sangaletse mwana wake kugumulapo mwala.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. Kwa a ku Tanzania: ikani m'ndondomeko ya chuma ya chaka ndi chaka ndalama zosamalira Gereza ndi makoma ena a m'mphepete mwa madzi, lembani ntchito yokhazikika amisiri a pachilumbapo amene anaphunzitsidwa kale, ndipo tetezani mikoko kuti isadulidwe. Chaka chilichonse lengezani poyera mmene makomawo alili.

2. Ikani pa Gereza, pa Makutani ndi pagombe la Kivinje zikwangwani zofotokoza njira yakummwera, zokhala ndi mapu ndi mayina a mitundu ya anthu amene anaiyenda. Zilembedwe m'Chiswahili ndi m'Chingerezi, koma pakhalenso mizere ya Chichewa, Chiyao ndi Chimakua, kuti mdzukulu akafika awerenge m'chinenero chimene agogo ake ankalira nacho panjirapo.

3. Phunzitsani operekeza alendo mbali imeneyi ya mbiri. Aphunzitsi a mbiri a m'mayunivesite a mayiko awiriwa angathe kulemba kabuku kamodzi kogwiritsidwa ntchito ku Kilwa ndi ku Nkhotakota komwe.

4. Lembani m'kaundula nyumba zakale za ku Kivinje, ndipo zimene zingapulumuke muzichirikize msanga mvula ina isanazigwetse. Patulani kamalo pagombe poti anthu azikapemphera kapena kungokhala chete, aliyense monga mwa chipembedzo chake.

5. Kwa a kuno kwathu: tiuzeni poyera pamene pafika pempho la 2011, chimene chikuchedwetsa, ndi chaka chimene mukufuna kulimaliza.

6. Kwa nonse pamodzi, muitanenso a ku Mozambique poti njirayo inadutsa m'chigawo cha Niassa: khalani pansi mupereke njira yonse ngati chinthu chimodzi, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Kilwa. Sizachilendo. Mu 2014 mayiko asanu ndi limodzi a ku South America analembetsa pamodzi misewu yakale ya Ainka. Mu 2004 mayiko athu omwewa, pamodzi ndi Zambia, anasainirana za chitukuko cha njira ya Mtwara, imene ikudutsa m'dera lomwelo. Ngati tinagwirizana pa za katundu, tingagwirizanenso pa za anthu amene anasandutsidwa katundu.

7. Konzani mabuku a sukulu kuti mutu wa ukapolo ufike mpaka kunyanja yamchere, ndi mapu ndi zithunzi za Gereza ndi Kivinje, ndipo uphunzitsenso za Kilwa wa golide ndi mizikiti, kuti mwana asadziwe dzinali ngati malo a misozi okha. Ana asukulu ndi aphunzitsi ochokera m'mayiko oyandikana nawo apatsidwe mtengo wolowera wotsika, wolembedwa poonekera.

8. Gawo lodziwika la ndalama za ziphaso lizibwerera kwa anthu a pachilumbapo, ndipo athandizidwe kukhala ndi malo awoawo ogulitsirapo chakudya ndi zaluso.

Ndikudziwa kuti maofesi anu ali ndi ntchito zambiri ndipo ndalama n'zochepa. Koma zina mwa zimenezi, monga zikwangwani, kabuku ka operekeza alendo ndi yankho la pempho la 2011, sizifuna mamiliyoni. Ngati mungafune wothandiza kulemba mizere ya Chichewa ija, ine ndilipo, ndipo aphunzitsi anzanga opuma a kuno, Akhristu ndi Asilamu, amene ndawawerengera kalatayi ndisanaitumize, avomera kugwira ntchitoyo popanda malipiro. Ena mwa iwo akudziwa nkhalamba zimene zikukumbukirabe mayina a abale amene anawoloka nyanja osabwerera, monga momwe zinamvera kwa agogo awo, ndipo tayamba kuwalemba m'kope.

Popeza ndalemba poyera, ndikupempha kuti yankho lanu lidzabwerenso poyera.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa mbiri wopuma,
Nkhotakota